Kumene Atsekwe Amaikira Mazira

Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wochokera kumapiri, ndipo anabwera kudzakhala kwathu kwa Mwambo m'zaka zimene anthu ankangokamba za chitaganya. Dambo lathu la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa sankalifuna n'komwe. Ankati mulibe china koma matope ndi udzudzu. Mawuwo ankandipweteka, chifukwa ine ndinakulira m'bwato. Bambo anga analibe mwana wamwamuna, choncho anaphunzitsa ine kukankha bwato ndi nsungwi.

Kumunsi kwa mtsinje wa Likangala kunali chigawo cha dambo chimene makolo athu anapangana kalekale kuti nthawi ya dzinja munthu asatchereko msampha kapena kudula bango, poti n'kumene mbalame zimaswera. Kukaona kokha sankaletsa.

Loweruka lina m'mawa ndinabwereka bwato la atsibweni anga.

"Abambo, tiyeni mukaone kwathu kwenikweni," ndinatero kwa amuna anga.

Anakwera monyinyirika, nsapato zakusukulu zili kuphazi, manja atagwira m'mbali mwa bwato. Tinadutsa m'tinjira ta madzi, bango lotalika kuposa nyumba uku ndi uku. Titatulukira poyera, anangoti kukamwa yasa. Akakowa anali mbuu ngati nsalu zoyanika, atsekwe akudya m'magulu, anapiye akusambira pambuyo pa amawo.

Kenaka anaona chisa chokhala ndi mazira pa udzu wobiriwira.

"Nditengeko limodzi, ana asukulu akaone."

"Ayi abambo, kuno sititenga kanthu. Ndipo pamenepo si pamtunda!"

Ndinachedwa. Anali atatsika kale. Udzu umene uja umangoyandama, pansi pake ndi madzi ndi thope. Anamira mpaka m'chifuwa, akukuwa dzina langa. Ndinazika nsungwi m'thope kuti bwato lisasunthe, n'kuwauza kuti aleke kupalasa miyendo, agone chafufumimba pa udzupo. Anamvera. Ndinawagwira lamba n'kuwakoka pang'onopang'ono mpaka anagwera m'bwato. Nsapato imodzi inatsala komweko. Ndinawachotsa misundu itatu kumiyendo, ndikudikira kukalipiridwa.

M'malo mwake anandifunsa, "Kodi mbalame ya miyendo yaitali ija, ikuyenda pamwamba pa masamba osamira, ikutha bwanji?"

Ndinawaonetsa zala zake mmene zimatambasukira. Anafunsanso za ina, n'kufunsanso za ina. Tinabwerera dzuwa lili paliwombo, iwo phazi limodzi lopanda nsapato, akubwereza mayina a mbalame kuti asaiwale.

Patapita masabata awiri anapempha atsibweni mabwato atatu ndi anthu okankha, n'kubweretsa ana a kalasi yawo. Tisanakwere anawaimika pagombe.

"Lero ine sindiphunzitsa," anatero. "Mumvere amayi awa. Akati musatsike, musatsike. Ine ndinayesa."

Ana anaseka. Ine sukulu ndinalekezera m'kalasi yachiwiri, koma tsiku limenelo ana anandifunsa mafunso mpaka mawu anandisasa, ndipo panalibe funso limene linandikanika. Palibe mwana anagwira dzira. Amayi anga, amene anatsatira kudzaonerera, anakafotokozera mudzi wonse tisanafike n'komwe kunyumba.

Tinapitiriza kupita ndi ana dzinja lililonse, mpaka amuna anga anawasamutsira kusukulu ina kutali ndi nyanja.