Kabokosi ka Ndudu za Abwana

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda pamene abwana anagula kabokosi kosungiramo ndudu zawo zonenepa zija. Kanali ka thabwa lonunkhira, ndipo anakagula kwa wamalonda wina wa ku Chipata.

"A Phiri," anatero akukwera galimoto, "thabwa lam'katimu liyambe lamwa chinyezi ndisanaikemo ndudu. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Kunena zoona, sindinamve. Iwo ankatanthauza kuikamo kambale ka madzi n'kutseka, kuti thabwalo lizikoka chinyezi pang'onopang'ono. Koma ine ndinati waludzu sam'patsa madzi a m'supuni. Kabokosiko ndinakaviika m'diramu la madzi ngati mphale, n'kutsindira mwala pamwamba kuti kasayandame.

Mawa lake kanatuluka kotupa, chivundikiro chitapindika ngati mlomo wa munthu wonyoza. Ndinakapukuta, ndinakayanika padzuwa, mpaka kukakhalira pamwamba, koma kanakaniratu kutsekeka.

Abwana atabwera anakatembenuza uku ndi uku. "Mwakatani kameneka?"

"Ndangokapukuta ndi kansalu, bwana. Matabwa a masiku anowa!"

Pompo anaimbira foni wamalonda uja n'kuyamba kumulalatira kuti ndi wakuba. Bambo wosalakwayo ankamveka akulumbira kuti katundu wake ndi weniweni. Ine ndinaima pambali ndikupukusa mutu mwachisoni, mpaka ndinaponyapo mawu: "Anthu alibe chilungamo, bwana."

Atatopa kukalipa, anandipatsa kabokosiko kuti ndikataye. Mpaka lero akazi anga amasungiramo singano ndi mabatani, ndipo amauza alendo kuti abwana anandipatsa chifukwa cha kukhulupirika kwanga.