Chishango cha Abambo Chinapita ku Muzeu

Ndikukumbukira chithunzi chimene chinkapachikidwa m'kalasi mwathu kumishoni: mzungu wa chipewa chopingasa, atakwera kavalo woyera. Apulofesoli, aphunzitsi athu, ankati ameneyo ndi imperadori, mfumu ya mafumu ya ku Ulaya. Akagonjetsa dziko ankatuta zithunzi ndi ziboliboli pangolo kukadzaza chinyumba chotchedwa muzeu, mpaka chinyumbacho anachipatsa dzina lake. Ine pakamwa panga sipanaphunzirepo kutseka. Ndinakweza mkono: "Ndiye kuti anali wakuba, apulofesoli?" Inandiyankha ndi palimatoriya, kathabwa komenyera m'manja, moti sabata imeneyo khasu ndinkaligwira ngati khala lamoto.

Chilimwe chomwecho apadiri, ansembe a pamishonipo, analandira mlendo wonunkha fodya wa m'kaliwo, amene ankasonkhanitsa zakale za mu muzeu wakwawo. Anamva za chishango cha abambo anga. Chinali cha chikopa cha ng'ombe, chodetsedwa ndi mwaye, ndipo agogo awo ndiwo anabwera nacho kuchokera kummwera. Abambo akachinyamula povina ngoma, amayi ankalulutira mpaka mawu kusasa.

Mlendoyo anafika kwathu ndi akatekisiti, akatekisitiwo ndiwo anayankhula. "Zachikunja izi, aNgozo. Chikakhala m'nyumba muno, mwanayu ubatizo aiwale, ndi sukulu yomwe."

Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, anachitulutsa, anachipukuta ndi malaya amene anavala, n'kuchipereka ndi manja awiri. Mtengo sanatchule. Mlendo anawasiyira kamendulo kovala m'khosi.

Ndinabatizidwadi. Sukuluyo ndinaithawa ndekha chaka chotsatira, ndipo lero ndine uja mumandipeza pa msika wa Domwe ndikukangana ndi Amalawi pa mtengo wa ndowa ya kachewere. Chishango cha makolo chinagula wogulitsa mbatata. Malonda oipa chotere sindinawaonenso, ine amene ndawaona ambiri.

Ndimamva kuti imperadori uja atagwa, ena anapita kukatenga zawo. Ife tikagogode khomo liti? Ngakhale dzina la mlendoyo palibe analifunsa. Abambo sanavinenso ngoma mpaka tinawaika m'manda, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Pa chikondwerero anyamata amalowa m'tchalitchi akuvina ngoma, zishango zatsopano m'manja, kuperekeza zopereka kuguwa, apadiri akuwomba m'manja. Akuti n'chikhalidwe chathu. Anthu onse amaimirira. Ine ndimakhala pabenchi, manja m'khwapa, mpaka nyimboyo ithe.