Mutu Umene a Telala Sanauyeze

Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso basi. Msewu wonse unkawadziwa kuti a Tisiyemalo, ndipo dzinali analisoka okha ndi pakamwa pawo. Munthu akabwera ndi nsalu, iwo ankamuzunguliza tepi m'chiuno, kuwerenga nambala, kenako n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa tepi ndi mimba. "Tisiye malo," ankatero. "Munthu sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Chachikulu timabweza, chothina timataya." Ana a m'deralo anakula atavala malaya a sukulu ofika m'maondo, ndipo makolo awo ankayamika, poti malaya amodzi ankatha makalasi atatu.

Zaka makumi atatu ndi mphambu anakhala pakhonde lomwelo, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, akupalasa makina akuda amene utoto wake unafufuka pamene pamagunda dzanja. Mu kabati munali makope asanu ndi limodzi a miyeso ya anthu: mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa mkono. Akanafuna, akanakuuzani amene ananenepa atakwezedwa pantchito ndi amene anaonda banja litavuta, koma sanali munthu wa miseche. Chinthu chimodzi chokha chimene munalibe m'makopemo ndi mutu. Telala sayeza mutu. Auyezerenji?

Njinga yamoto anaigula atakula kale, yokaperekera mayunifolomu m'masukulu ndi kukatengera nsalu ku mashopu aakulu. Akazi awo ndiwo ankasita ndi kuika mabatani, ndipo pokapereka katundu ankakwera kumbuyo atafungata chikwama cha zovala. A Tisiyemalo sanali munthu wosasamala, tisawanamizire. Anagula zipewa ziwiri zolimba za pa njinga, chawo ndi cha akazi awo. Cha akazi awocho anasankha chachikulu. Anaganizira masiku oluka tsitsi, anaganizira mpango wa kumutu, anaganizira kutentha. Ataona kuti chikugwedera, anasoka kapilo kakang'ono ka zidutswa za nsalu, kosalala bwino, n'kukamata mkati. Akazi awo anaseka, amvekere mutu wanga sunakhalepo pabwino chonchi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, galu anadumphira mumsewu pa kona ya pafupi ndi sukulu. A Tisiyemalo sankathamanga n'komwe, koma njinga inagwa. Iwo anangosupuka chigongono. Akazi awo anamenyetsa mutu pa mwala wa m'mphepete mwa ngalande, ndipo chipewa chinaoneka patali chikugubuduzika chokha, lamba wake ali chimangire. Anamwalira tsiku lachitatu osatsegula maso.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, namwino. Kunyumba ankamutchula kuti Kabatani, chifukwa ali wakhanda ankakwawira pansi pa makina n'kumatola mabatani. Maliro atatha, Kabatani anapempha kuti amusamutsire ku chipatala chakutali, ndipo anapita. Sanakangane ndi bambo ake. Bola akanakangana. Foni inkabwera kamodzi pamwezi, ya mphindi ziwiri: mwadzuka bwanji, mankhwala mukumwa, chabwino. Zaka zinayi zinatha choncho. A Tisiyemalo ankadziuza kuti mwanayo akudana ndi njinga, koma njingayo sakanaigulitsa, poti ndiyo inali miyendo ya ntchito yawo.

Anali osungulumwa, palibe chifukwa chozungulira. Akaweruka ankalowetsa njinga pabalaza, pamene kale panali mpando wa akazi awo, kuphika mu kapoto kamodzi n'kudyera momwemo chiimire. Wailesi ankaitsegula osati kuti amve nkhani, koma kuti m'nyumba mumvekeko munthu. Mabatani anayamba kuika okha, ndipo nthawi zina ankatembenuka ndi malaya m'manja kuti apatsire munthu amene panalibe. Tsiku limene linkawatalikira kwambiri ndi Lamlungu, chifukwa makina amakhala otseka.

Ndiye Lachiwiri lina kunalowa uthenga pa foni. Kabatani akubwera Loweruka, ali ndi masiku atatu opuma, basi ifika cha m'ma teni koloko m'mawa. Anauwerenga kanayi. Kuchoka ku depoti kufika kunyumba ndi mtunda ndithu, ndipo akanatha kumusiya kuti akwere takisi. Koma mumtima ankadziwa kuti mwana akafika pa takisi adzabwereranso pa takisi, ngati mlendo, ndipo zaka zina zinayi zidzadutsa. Ankafuna akamutenge okha, akhale kumbuyo kwawo, awagwire phewa. Chipewa cha malemu sanachionenso chichitikireni ngozi, ankangoti chinasowa m'chipwirikiti chija. Panafunika chatsopano.

Lachitatu anaphimba makina masana n'kupita ku sitolo ya zipangizo za njinga zamoto. Mwini wake anali mayi wamfupi wa mawu okweza, amene ankalankhula ndi makasitomala ngati akuwadzudzula. Zipewa zinali ndandanda pa mashelefu atatu.

"Za pansizo musayang'ane n'komwe, bambo," anatero wasitoloyo. "Zimenezo n'zoonetsa apolisi. Tagwirani."

Anawapatsa chimodzi. Chinali chopepuka ngati beseni la pulasitiki, ndipo atachifinya m'mbali chinapindika.

"Mwaona? Ichi chimakutetezani ku chindapusa, osati ku msewu."

A Tisiyemalo anafunsa za zija zovalidwa kale zimene anaziona kumsika, zooneka bwino koma zotsika mtengo. Wasitolo anapukusa mutu.

"Chipewa chimagwira ntchito kamodzi. Chikamenyetsedwa pansi, kunja chimaoneka bwinobwino, koma choyera chamkatichi chimakhala chaphwanyika kale. Inu mukuudziwa mutu umene unali m'menemo? Inenso sindikuudziwa."

Anawatsitsira za pa shelefu yapakati, zotseka mpaka kuchibwano, zolemererako, zokhala ndi chidindo cha oyesa zipewa kunkhongo. Za pamwamba, anatero yekha, zimakwera mtengo chifukwa cha utoto ndi zithunzi za ziombankhanga, koma mkati n'chimodzimodzi. A Tisiyemalo anatembenuza lamba, kuyang'ana msoko wake ndi diso la ntchito, ndipo anavomereza kuti amene anasoka ameneyo amadziwa chochita. Mtengo wake unali wa suti yathunthu, koma sananyinyirike.

"N'chanu?"

"Cha mwana wanga. Wamkazi, wamkulu, ali pantchito."

"Mutu wake ndi nambala yanji?"

Pakamwa pa a Tisiyemalo panayankha pokha, monga panazolowerera. "Ndipatseni chachikulu. Tisiye malo."

Wasitolo anaseka mpaka kugwira kauntala. "Ndinkangomva kuti mumatero, lero ndadzimvera ndekha! Bambo, ili si diresi. Chipewa sachisiyira malo. Mumayeza ndi tepi pamwamba pa nsidze kuzungulira kunkhongo, mbali ya masentimita, osaonjezera kanthu. Chimafunika chithine, chikanikize masaya, mukapukusa mutu chizipita nanu limodzi. Taimani ndikuonetseni."

Anatenga chachikulu, kuwaveka, kumanga lamba pansi pa chibwano. Kenako anaika dzanja kunkhongo kwawo n'kukankhira kutsogolo. Chipewa chinavuka n'kugwera pa kauntala, lamba wake ali chimangire.

"Mwaona? Pa ngozi chipewa chimapita kwake, mutu kwake."

"Nanga munthu ataikamo kansalu mkati, kuti chisamagwedere?" Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Ndiye kuipiraipira. Nsalu imaterera."

Wasitolo anali akubwezera chipewa pa shelefu, ndipo nkhope yawo sanaione.

Anatuluka osagula kanthu. Anakhala pa njinga osailiza, nthawi yaitali, magalimoto akungodutsa. Zaka zinayi anakhala akutukwana galu. Mlandu anaupereka kwa galu, kwa mwala, kwa amene anakumba ngalande, ndipo pa masiku oipa ngakhale kwa Mulungu. Koma kapilo kaja anakasoka okha, ndi ulusi wabwino, mwachikondi, mpaka kukasita. Chisoni ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi. Amati safunsa anadya phula, koma iwo akanafunsa ndani? Zaka zonsezi anthu ndiwo ankabwera kwa iwo kudzafunsa za miyeso.

Atabwerera pakhonde anatulutsa makope akale. Kabatani analimo m'makope onse asanu ndi limodzi, kuyambira kadiresi ka tsiku loyamba kusukulu mpaka yunifolomu yoyera ya unamwino. Mapewa ake analimo, chiuno chake chinalimo, chilichonse ndi zala ziwiri zoonjezera. Mutu wa mwana wawo, umene anaunyamula m'chikhatho tsiku limene anabadwa, munalibe. Wometa tsitsi anasuzumira n'kufunsa ngati akuwerenga baibulo la atelala.

Kuimba foni kunawakanika. Analemba uthenga, kufufuta, kulembanso. Womaliza unali wotere: "Kabatani, ndidzakutenga ndekha pa njinga ngati ulola. Yeza mutu wako ndi tepi, pamwamba pa nsidze kuzungulira kunkhongo, mbali ya masentimita. Usaonjezere kanthu."

Tsiku limenelo yankho silinabwere. Lachinayi anasoka thumba la buluku chadodolido, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito, ndipo foni ankaiyang'ana ngati ili ndi mlandu. Dzuwa litapendeka inalira. Munalibe moni, munalibe inde kapena ayi. Munali nambala yokha: 55.

Lachisanu anakagula chipewa choyera cha pa shelefu yapakati, nambala yomweyo. Wasitolo anawaseka kuti lero abwera ndi nzeru, ndipo anati choyera n'chabwino chifukwa madalaivala amachiona msanga.

Loweruka anafika ku depoti eyiti koloko isanakwane. Basi inachedwa ndi ola lathunthu, ndipo nthawi yonseyo anaima pafupi ndi njinga atafungata chipewa ngati akuopa kuti wina achilanda. Kabatani anatsika womalizira. Anali ataonda, ndipo nkhope yake inali itasanduka ya amayi ake moti a Tisiyemalo anayang'ana kaye pansi. Tsitsi anali ataluka mizere yogona, yothina kumutu.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Ndaswera, kaya iwe. Wayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino."

Moni unathera pomwepo. Madalaivala a takisi anali atamuzungulira kale, wina atagwira chikwama chake. Kabatani anayang'ana njinga nthawi yaitali, njinga yomwe ija, yokhala ndi chipsera pa thanki. Kenako analanda chikwama chake kwa dalaivala uja n'kutambasula manja. Bambo ake anamupatsa chipewa. Chinalowa movutikira.

"Chikuthina, ababa."

"Chithine."

Anamumanga lamba. Mwachizolowezi zala ziwiri zinalowa pakati pa lamba ndi khosi. Anaziyang'ana, kuchotsa chimodzi, n'kukoka lamba. Kenako anaika dzanja kunkhongo kwa mwana wawo n'kukankhira kutsogolo monga anachitira wasitolo. Chipewa sichinasunthe. Anakankhanso mwamphamvu. Pofuna kukankha kachitatu, Kabatani anawagwira mkono.

"Cha amayi ako chinali chachikulu," anatero a Tisiyemalo, akuyang'ana lamba osati maso ake. "Ndinasiya malo. Sanali galu uja ayi. Ndine."

Kabatani anakweza galasi la chipewa. Anatsegula kathumba ka m'mbali mwa chikwama n'kutulutsa kanthu kokulungidwa mu kansalu. Kanali kapilo kaja. Msoko wake unali usanamasuke pena paliponse.

"Chipewa chija anthu anabwera nacho kuchipatala tsiku lomwelo," anatero. "Nditayang'ana mkati ndinadziwa msoko wanu. Ndinakachotsa, chipewacho ndinataya."

"Unadziwa zaka zonsezi?"

"Ndinadziwa. Chaka choyamba ndinakwiya, sindikunamizani, ndinakwiya kwambiri. Kenako ndinkangoopa kuti mukadziwa mundisiya nanunso. Ndikakuyang'anani pakamwa pankayabwa, ndiye ndinaona kuti bola ndikhale kutali. Nditawerenga zoti ndisaonjezere kanthu, ndinadziwa kuti mwadziwa."

A Tisiyemalo analira pomwepo, pa depoti, pakati pa ogulitsa madzi ndi onyamula katundu, munthu wamkulu tepi ili m'khosi poti anaiwala kuivula. Kabatani anawasiya alire. Atatha, anamangirira chikwama kumbuyo kwa njinga, kukwera, n'kuwagwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Anawagwira mothina moti kupuma kunkavuta, koma iwo sanadandaule. Anayenda pang'onopang'ono mpaka a njinga zakapalasa ankawapitirira.

Masiku atatu sachedwa. Lachiwiri m'mawa anamuperekeza ku depoti pa njinga yomweyo, nabwerera okha chipewa choyera chili pa chigongono. M'nyumba munabwerera zii wake uja, ndipo wailesi inayambanso ntchito yake. Foni tsopano imabwera Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zina imatenga theka la ola, koma foni siika mabatani.

Pakhonde paja akadalipo. Akadalowetsabe zala ziwiri pa chiuno cha kasitomala aliyense, poti malaya ndi malaya. Chipewa choyera anachikoleka pa msomali pamwamba pa makina, ndipo m'mawa uliwonse amachipukuta fumbi. Tsiku lina wometa tsitsi anabwera kudzachibwereka kuti akatengere akazi ake ku chipatala. A Tisiyemalo anavula tepi m'khosi n'kumuuza kuti abweretse kaye akaziwo adzawayeze mutu, ndipo ngati nambala isiyana amuperekeza ku sitolo. Wometa anati nanga n'kangati, ulendo umodzi wokha.

"Ayi, achimwene," anatero a Tisiyemalo. "Ichi chili ndi mwini wake. Abwera pa tchuthi."