Gawo la Killion

Belita Longwe ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndi mkazi wamasiye wa ku Tukombo, amagulitsa usipa wouma, ndipo nyumba yake ndi ya malata. Ife timamutcha NyaLongwe. Alibe bwato, alibe ukonde, koma pathandala pake sipasowa nsomba.

Mwamuna wake anali Killion Mhone. Iye ndi anzake atatu, Mateyu, Mcdonald ndi Gomezgani, anasonkherana n'kugula ukonde wa chilimira. Mu 1988, amayi opita kukavuula chinangwa anamupeza atagona chafufumimba m'dziwe loviikamo, mutu utang'ambika kumbuyo. Pambali panali nkhafi ya bwato lawo. Munthu wokulira m'nyanja samira m'madzi olekeza m'mawondo. Apolisi anabwera, natenga nkhafi ija ndi amuna atatu aja. Amunawo anabwerako. Nkhafi sinabwere, akuti ikufufuzidwabe.

Padoko pathu pali mwambo. Mwini ukonde akamwalira, anzake amapereka gawo lake la nsomba kwa mkazi wake mpaka tsiku lomumeta, pamene maliro amatha. Chaka chitatha, abale a Killion anabwera ndi lumo. Belita anamanga duku lake molimba.

"Mundiuze amene anamupha, kenako mundimete," anatero.

Palibe anamuuza, choncho sanametedwe. Maliro sanathe, ndipo gawo silinathe.

Amuna atatu aja anakodwa ngati utaka. Woyamba kuleka kupereka, anthu akanati ndiye ankadana naye malemu. Wopereka zambiri, akanati mtima ukumutsutsa. Motero aliyense ankathira mofanana m'beseni la Belita, akuyang'anitsitsa dzanja la mnzake. Ukonde uja unatha, anagawana, aliyense anagula wake. Beseni linkazungulirabe maukonde atatu.

Killion ali moyo, gawo lake linkathera ku mowa. Atamwalira anasanduka mwamuna wabwino. Anaphunzitsa ana atatu mpaka kusekondale, anakhoma malata, ndipo sanamenyenso munthu. Amayi ena kumsika wa ku Chintheche ankauza amuna awo kuti atengereko chitsanzo.

Anthu amati Belita safuna kulidziwa dzina la wakuphayo, chifukwa tsiku limene adzalimve beseni lidzauma. Amenewo sanadyepo kwake. Nsomba za m'beseni lija iye salawa, ndipo ana ake sanazilawepo. Iye amati limodzi mwa manja amene anazigwira linagwiranso nkhafi. Amayanika, amagulitsa, nsima yake ya kondowole amadyera chigwada. Zaka zonsezi.

Mateyu ndiye anayamba kumwalira, mwadzidzidzi, osanena kanthu. Mcdonald atadwala anamuitanitsa Belita n'kumuuza kuti wakuphayo anali Mateyu. Umboni analibe, ndipo Mateyu sakanayankha.

Chaka chatha Gomezgani anadwala mwakayakaya. Ana ake anandiitana ngati mkulu wa mpingo kuti ndikapemphere, naitananso Belita. Tinamupeza pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atatha ngati usipa wa chaka chatha. Belita anakhala patali pang'ono, miyendo atatambasula.

"Mlamu, mwabwera," anatero Gomezgani.

"Ndabwera. Akuti mukufa."

"Akutero."

"Ndiye nenani msanga."

"Lolani akumeteni, NyaLongwe. Anyamata anga asalowe m'zimenezi. Iwo nthawi imeneyo anali asanabadwe."

"Anga anali atabadwa. Wamng'ono ndiye anathamangira kudziwe kukaona."

Gomezgani anatsokomola nthawi yaitali. Mwana wake wamkazi, Dailesi, anamumwetsa madzi.

"Anali Mcdonald," anatero pomaliza.

"Ee? Mcdonald anati anali Mateyu."

"Ananama."

"Kuno amapha anthu ndi akufa okhaokha. Amoyo nonse ndinu angelo."

"Mlamu, ndikanakhala ine ndikanavomera kalekale. Kundende ndikanatuluka tsitsi lisanachite imvi. Koma beseni lanu lija, iii, lilibe ngakhale chikhululukiro cha pa Khirisimasi."

Dailesi anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. Belita sanaseke.

"Munaona ndi maso, a Gomezgani?"

"Sindinaone."

"Nanga mukudziwa bwanji?"

"Ndimangoganiza. Iyenso ankaganiza kuti ndine. Takhala tikuopana moyo wonse, tikumwera m'chikho chimodzi pa mgonero wa Ambuye."

"Mwina sanali aliyense wa inu," Dailesi analowererapo. "Nkhafi imagona panja, ama. Aliyense akanatha kuitola."

Mawu amenewa palibe anawakonda. Akanakhala oona, ndiye kuti amuna atatu anadyetsa banja la mnzawo popanda chifukwa china koma mwambo, ndipo mkazi mmodzi anadyera chigwada pachabe, nsomba zili pathandala. Gomezgani anatembenukira kumbali. Belita anaimirira, nakutumula chitenje.

"Pempherani, ada," anandiuza. "Ine sindinamve dzina."

Ndinapemphera mwachidule. Ndinapempha kuti zobisika ziululike, koma sindinanene kuti liti. Gomezgani anamwalira sabata yomweyo, ndipo Belita anagona pamaliro ngati wina aliyense, anaimba nawo nyimbo zonse.

Pambuyo pake ana a amuna atatu aja anakumana kuti athetse nkhaniyi. Onse anagwirizana kuti beseni lileke. Chimene sanagwirizane ndi chakuti ayambe kuleka ndani, poti woyambayo ndiye kuti wavomerera bambo ake mlandu. Anabalalika osamvana.

Lero onse amene anagula chilimira chija ali kumanda. Pamanda a Killion palibe chiliza. Belita sanametedwe, ndipo mdzukulu wake Hellen ndiye amanyamula beseni kupita kudoko, chifukwa Belita miyendo yayamba kumuvuta.