Galimoto ya m'khola la Savrimo

Savrimo anakwatiwa ndi dalaivala, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankadziwa kuti mwamuna wake wafika asanamuone. Galimoto ikangokhota paphompho la kumunsi kwa mudzi wa Basid, kulira kwa injini kunkayamba kugunda m'mapiri, iye n'kutereka madzi a tiyi wa kumeneko, wothira mchere, pambaula. Kurbonsho ankayendetsa Land Cruiser yoyera, yakale kuposa mwana wawo Anora. Ankanyamula anthu, ufa, nkhosa ndi odwala kuchokera m'chigwa cha Bartang kupita ku matauni a Rushan ndi Khorog, pamsewu wopapatiza umene mbali ina ndi thanthwe, mbali ina ndi mtsinje. Chipale chikayamba kugwa msewuwo unkatsekeka, ndipo galimoto inkapuma mpaka chisanu chitatha.

Chaka chimene Anora anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Dushanbe, likulu la dziko, zimene galimoto inkabweretsa sizinakwanenso. Kurbonsho anaganiza zotsatira amuna anzake a m'chigwamo amene ankamanga nyumba ku Russia.

"Chisanu chimodzi chokha," anatero. "Galimoto imangokhala nthawi imeneyi. Ine ndikhalirenji nayo?"

Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, anasamutsira ng'ombe m'khola laling'ono, nasesa lalikulu mpaka pansi pakuoneka, nalowetsamo galimoto chobwerera m'mbuyo. Kenako anaitana mkazi wake.

"Mayi a Anora, tabwerani mudzaone. Sindikhalapo kuti ndizikukumbutsani."

"Ndinaona kale. Zaka zonsezi ndimakuyang'anani mukuinyengerera."

"Kuyang'ana n'kwina. Gwirani beseni ili."

Anakhetsa oyilo injini ikadali yofunda, nathiramo watsopano, akufotokoza kuti oyilo wakale akagona m'kati miyezi isanu amadya chitsulo. Anadzaza thanki mpaka pakamwa, chifukwa thanki yatheka imachita thukuta m'kati, madziwo n'kutsikira pansi n'kuundana. M'dizilomo anathiramo palafini pang'ono kuti asalimbe ngati mafuta a nkhosa. Anakweza galimoto ndi jeke, Savrimo akukankhira zipika za mtengo wa mabulosi kunsi, mpaka matayala onse anayi analendewera. Buleki ya pamanja anaimasula kuti isakakamire. Paipi ya utsi anaitseka ndi waya wopindapinda. Mabatire awiri anawanyamula yekha, limodzilimodzi, nakawaika m'nyumba pafupi ndi mbaula.

"Chinanso, musamailize pongofuna kumva kulira kwake. Kuiliza pang'ono n'kuizimitsa n'kuipweteka. Isiyeni igone."

"Nanga ine simundisiyira malangizo?"

"Inu mumadziwa kudzisamala," anayankha Kurbonsho, maso ali pa mabatire.

Chipale chinagwa sabata yachiwiri atachoka. Mmawa uliwonse Savrimo akadyetsa ng'ombe ankalowa m'khola lalikulu, n'kuzunguza tayala lililonse ndi manja monga anauzidwira, n'kusuzumira kunsi ngati pali chimene chikudontha. Ntchitoyo sinali yotenga nthawi. Koma tsiku lina anatsegula chitseko cha dalaivala kuti apukute chinyezi pagalasi, ndipo fungo linamupeza: dizilo, fumbi, ubweya wa nkhosa, ndi makoko a mpendadzuwa amene mwamuna wake ankalavulira m'kachitini. Mpando unali utalowa pakati, malo a munthu mmodzi yemweyo. Anakwera, nakhala, natseka chitseko. Anatsika zala za kumapazi zitafa dzanzi. Kuyambira tsiku limenelo ankakhalamo mmawa uliwonse, osagwira kanthu, manja ali m'khwapa.

Oshurmo, mnzake woyandikana naye nyumba, sanachedwe kuzindikira. Mwamuna wake nayenso anali ku Russia, chaka chachisanu.

"Mkazi mnzanu wadzuka bwanji? Mwamufunditsa?"

"Wadzuka bwino. Akupereka moni."

"Mwayi ndi wanu, mnzanga. Ine wanga anandisiyira mbuzi zitatu ndi amayi ake. Chitsulo sichidandaula kuti m'tiyi mwachepa mchere."

Kurbonsho ankaimba foni Lamlungu, mafoni akamagwira. Funso loyamba linali limodzi nthawi zonse.

"Ili bwanji?"

"Ili bwino."

"Mabatire?"

"Akuotha moto ngati alendo. Ndinakawatchajitsa kusukulu sabata yatha. Inu mukudya?"

"Tikudya."

Savrimo ankamva amuna ena akutsokomola kumbuyo, poti ankagona asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, ndipo ankadziwa kuti pamaso pa anthu onsewo mwamuna wake sangafunse china koma galimoto. Choncho ankamufotokozera za galimotoyo mwatsatanetsatane, ngakhale zosafunika, kuti foni isaduke msanga.

Chisanu chinatha, mitengo inachita maluwa, koma Kurbonsho sanabwere. Abwana ake anati nyumba imene ankamanga ithe kaye. Galimoto inatsitsidwa pa zipika ndi Mamadali, mkulu wake wa Kurbonsho, amene pa unyamata wake ankayendetsa thirakitala. Anapita nayo ku Rushan kangapo kukatenga ufa ndi mchere, kuti isachite dzimbiri. Nyengo yokolola itatha, nthawi yoigonekanso itakwana, msana wa Mamadali unakana kuwerama, ndiye anangokhala pachidebe n'kumaloza ndi ndodo. Amene anagona chagada kunsi kwa galimoto, oyilo akumuyenderera m'mkono, anali Savrimo.

Chisanu chachiwiri analakwitsa. Mabulosi ouma anachuluka chaka chimenecho, m'nyumba malo anatha, ndipo thumba limodzi analiika pampando wa kumbuyo. Mwezi wa Malichi atatsegula boneti anapeza chisa cha ubweya pamwamba pa injini, mawaya atatafunidwa, mkuwa uli poyera. Anakhala pansi m'kholamo nalira nthawi yaitali, ndipo iye mwini ankadziwa kuti sakulirira mawaya okha.

Mamadali atabwera anayang'ana, napukusa mutu.

"Mlamu, mwayala mphasa, mwaika chakudya, kenako mukudabwa kuti alendo abwera?"

"Musawauze bambo a Anora, alamu."

"Ndiwauze kuti ndiyambe kunyozedwa ine? Katengeni mpeni ndi tepi."

Anakonza masiku anayi. Maso a Mamadali sankasiyanitsanso waya wofiira ndi wakhofi, ndiye iye ankanena, Savrimo n'kumasenda, kulumikiza ndi kukulunga. Pofika tsiku lachinayi ankadziwa waya wopita ku nyali, wopita ku sitata, ndi wotenthetsa injini isanalire.

Chaka chachitatu mafoni anayamba kuchepa. Panapita milungu isanu Kurbonsho osaimba, ndipo ataimba mawu ake anali otopa. Funso lija sanafunse.

"Msewu ukatseguka muigulitse. Kuli munthu ku Rushan akuifuna."

"Ndigulitse? Nanga mukabwera mudzayendetsa chiyani?"

"Chitani zimene ndanena, mayi a Anora."

Savrimo sanauze aliyense. Anayamba kuganiza zimene akazi onse a m'chigwamo amaganiza mwamuna akasiya kuimba. Ankazunguzabe matayala mmawa, koma m'kati sankalowamo.

Zoona zake anazimva ku mpopi, akudikira kuti ndowa idzaze. Oshurmo anali kumbuyo kwake, akupondaponda pansi chifukwa cha kuzizira.

"Koma mwendo uja wayamba kuponda?"

"Mwendo wa ndani?"

Oshurmo anagwira pakamwa. Anayang'ana ndowa, anayang'ana phiri, kenako anaulula. Kurbonsho anagwa kuchokera pansanja yachiwiri mwezi wa Novembala. Anagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Amuna onse a ku Basid amene anali kumeneko ankadziwa, akazi awo ankadziwa, Mamadali ankadziwa. Kurbonsho anawalumbiritsa onse kuti asamuuze mkazi wake.

Savrimo anasiya ndowa pampopi pomwepo. Anakwera kumtunda kwa sukulu kumene foni imagwira bwino, naimba yekha.

"Mwendo uti?"

Mawu a Kurbonsho anabwera pang'onopang'ono. "Wakumanzere. Anaikamo zitsulo. Kuyenda ndimayenda, koma kilachi ya galimoto ija mukuidziwa kulimba kwake. Pamsewu wathu uja sindingathe. Ndiye ndibwere kudzatani? Kudzakhala pakhonde anthu azindipatsa moni?"

"Mubwere mudzakhale mbali inayo."

"Mbali iti?"

"Ya okwera."

Kurbonsho anaseka. Kuseka kumeneko Savrimo anali asanakumve zaka ziwiri. Munthu wa ku Rushan atabwera kudzaona galimoto, anamwa tiyi, nadya buledi ndi mabulosi, nabwerera asanaonetsedwe khola.

Chipale chitasungunuka Savrimo anatsitsa galimoto pa zipika. Anapopa matayala, anabwezera mabatire, anachotsa waya wa ku paipi, nakhetsa timadzi ta mu sefa ya dizilo. Injini inakana kawiri. Mamadali anamuuza kuti apope kapampu ka pamwamba pa sefa mpaka kalimbe, ndipo kachitatu inalira, utsi woyera n'kudzaza khola, nkhuku n'kubalalika. Anaphunzirira pabwalo la mpira la kusukulu, mlamu wake ali pambali akugwiritsa chipewa.

"Kilachi si njoka, mlamu, musaidumphe. Itulutseni ngati mukugoneka khanda."

Sabata yoyamba anagwetsa mpanda wa miyala wa dimba la Oshurmo, nauwaka yekha madzulo ake, mwini dimba akumuuza kuti mkazi mnzake uja wayamba nsanje. Sabata yachinayi anatsika ndi mtsinje mpaka pa mlatho woyamba. Pobwerera malaya anali atanyowa ndi thukuta, koma galimoto inalibe bala. Mayeso a laisensi anakalemba ku Khorog, atakhala pakati pa anyamata a msinkhu wa Anora.

Kurbonsho anafika ku Rushan mwezi wa Juni, masana. Anatsika m'galimoto ya ku Dushanbe komalizira, atagwira ndodo, atawonda, ndevu zitayera m'mbali. Pamsika panali anthu ambiri, ndiye anangopatsana moni wa m'manja, koma dzanja sanalisiye msanga. Kenako anazungulira galimoto akutsimphina, nagogoda matayala, natsegula boneti. Anaona mawaya okulungidwa ndi tepi wakuda.

"Izi ndani?"

"Mbewa."

"Liti?"

"Kale."

Anayendetsa chala pa mfundo imodzi, naikoka pang'ono, siinasunthe. Anatseka boneti, napita mbali ya okwera. Chitseko chimenecho anali asanachitsegulepo kuti akhale, ndipo anavutika kupeza poika mwendo.

Ulendo wonse phazi lake lakumanja linkaponda buleki yomwe panalibe. Pa mtunda woyamba anati asinthe giya, koma Savrimo anali atasintha kale. Atafika pamene msewu umapapatiza kwambiri, pamene tayala limadutsa m'mphepete mwenimweni madzi akuwira kunsi, Kurbonsho anagwiritsa maondo ake ndi manja onse awiri. Atadutsa anapuma mwamphamvu.

"Mumaopa?" anafunsa Savrimo.

"Zaka zonse zija anthu ankakhala apa n'kumaona zimenezi? Bwanji sankandiuza?"

Chilimwe chimenecho ankayenda limodzi, kawiri pa sabata. Savrimo ankayendetsa, Kurbonsho ankamanga katundu ndi kucheza ndi okwera. Masiku ena ankakhala pansi pa mtengo n'kumanola zikwakwa za anthu. Anayamba kunenepa. Madzulo ankadya panja, ndipo nthawi zina Savrimo ankaiwala kudya, akungomuyang'ana akunyema buledi m'tiyi.

Mu Sepitembala mnzake wa Kurbonsho anaimba kuchokera ku Russia. Kunapezeka ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu, ntchito yokhala pansi, m'chipinda chofunda. Anora anali atabwereza chaka chimodzi chifukwa cha matenda, ndipo kunali kutatsalabe nthawi kuti amalize. Kurbonsho anaiganizira nkhaniyo masiku atatu asanaitchule, koma Savrimo anali ataiona kale pankhope pake.

"Kufikira Anora atamaliza basi," anatero Kurbonsho.

Savrimo anakachapa malaya onse a mwamuna wake.

Anamuperekeza yekha ku Rushan. Galimoto ya ku Dushanbe inachedwa kudzaza, choncho anakhala m'galimoto yawo pafupifupi ola lathunthu, akugawana mpendadzuwa, akukamba za udzu wa ng'ombe ndi denga la khola. Dalaivala wa ku Dushanbe ataliza hutala, Kurbonsho anatsika, naima pawindo.

"Ndiziimba Lachitatu ndi Lamlungu. Kumeneko ndizikhala ndekha m'chipinda."

"Ndiye muzikhala ndi zokamba."

"Ndizipeza."

Savrimo anayang'ana galimotoyo mpaka inabisika kuseri kwa mitengo ya mumsewu. Atatembenuka anapeza okwera ake akudikira: mayi wina atanyamula galasi la windo lokulungidwa m'bulangete, ndi mkulu wina wochokera ku chipatala ndi mkazi wake. Anawathandiza kukwera, galasilo analiimika pakati pa matumba a ufa. Chifukwa cha galasilo anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pamwamba pa mapiri panali patayera kale. Mkulu uja anagona atangodutsa mlatho, ndipo azimayi awiriwo anakamba za ukwati wa mwana wa wina njira yonse, osamufunsa kanthu.

Anafika dzuwa lisanabisike, natula aliyense pakhomo pake. Kunyumba anapeza malaya amodzi a Kurbonsho akadali pachingwe, aja ogwirira ntchito, amene mmawa anali asanaume. Anawaanula, nawapinda, nawaika m'bokosi. Kenako anatenga ndowa n'kupita kukakama ng'ombe.