Mainchesi Awiri Amene Ndinatalika Ndili ndi Matenda a Msana

Msana unayamba kundipweteka m'nyengo yokolola, patapita zaka zitatu chichitikire njala ya 1949. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo panali patatha miyezi itatu chithere msinkhu. Ululu unali pamalo amodzi, pakatikati pa msana. Unkabwera ndikamasinja kapena ndikawerama kuthyola thonje, ndipo ndikagona chagada unkaleka.

Kwathu ndi m'mbali mwa Rivirivi. Bambo anali pa ntchito ku Halale, choncho pakhomo tinali ine, amayi ndi ang'ono anga awiri. Nditawauza amayi, anati ndi mmene zimakhalira mtsikana akangokula kumene, mafupa amakhala akukhazikika. Ndinavomera, ndipo ndinapitiriza ntchito.

Pofika mwezi wa Julaye ndinali nditawonda. Chakudya sichinkandikoma, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza mphasa itanyowa ndi thukuta ngakhale kunali chisanu. Tsiku lina amayi akunditsuka kumsana anapeza kafupa kotukuka ngati chala chopinda. Ananditengera kwa sing'anga wa mudzi woyandikana nafe, amene ananditemera mphini mozungulira kafupako. Mphini zinapola, kafupa kanatsala.

Mu Okutobala miyendo inayamba kulemera. Ndinagwa kawiri sabata imodzi pochokera kumtsinje, ndipo kachiwiriko mtsuko unasweka. Mwendo wamanzere unkakoka pansi. Apo m'pamene amalume, achimwene awo a amayi, anati ndipite kuchipatala. Anandinyamula pa machila mpaka kumsewu, tinakwera lole ya thonje, tinawoloka Shire pa Liwonde, ndipo tinafika kuchipatala chachikulu tsiku lachiwiri.

Tinadikira pakhonde masiku atatu kuti andijambule msana. Tsiku lachinayi anatiitana. Dokotala anali mzungu wodziwa Chinyanja pang'ono, choncho ankalankhula kudzera mwa namwino wachikulire, Abiti Kasimu. Anati ndi chifuwa chachikulu, koma chalowa m'mafupa m'malo mwa m'mapapo. Mafupa awiri a msana anali atadyeka n'kugwerana. Kenako dokotala anafunsa funso lina, ndipo Abiti Kasimu anatembenukira kwa amayi.

"Akufunsa ngati mwanayu anakula kale."

M'chipindamo munali amuna atatu: dokotala, womuthandiza, ndi amalume. Amayi anayang'ana pansi.

"Iyayi, akadali mwana."

Dokotala analemba, kenako anafotokoza. Mwana amene sanathe msinkhu amakhala ndi kutalika kwakukulu kutsogolo, ndipo msana wodyeka umapindika kwambiri pamene mwanayo akutalika. Anati ndiyenera kukhala m'manja mwawo mpaka nditasiya kutalika, mwina zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ngakhale zitatero linunda likhoza kukula. Titatuluka, amalume anauza amayi kuti zaka zinayi sizingatheke. Anati tidikire sabata ithe, tikapeze lole yobwerera.

M'mawa mwake Abiti Kasimu anabwera kudzandipukuta thupi. Ndinadikira mpaka atatchinga bedi ndi nsalu.

"Amayi anachita manyazi dzulo," ndinatero. "Ndinakula mu Febuluwale."

Sanadabwe. Anaitana amayi kulowa kuseri kwa nsaluyo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi, dokotala safunsa zimenezi mwachipongwe. Mtsikana akamayamba kusamba, kutalika kwakukulu amakhala atadutsa kale. Msinkhu sukhala utatheratu monga timanenera, koma chimatsala n'chochepa, mainchesi awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri zimatha pa zaka ziwiri. Uyu wadya kale miyezi isanu ndi itatu."

Amayi anafunsa ngati amalume ayenera kumva zimenezi. Abiti Kasimu anati amalume angouzidwa nthawi yokha. Dokotala atamva, anasintha mawu ake: chaka chimodzi kapena chaka ndi theka ndili chigonere, ndipo linunda silingakule kwambiri kuposa mmene linalili. Amalume anavomera, n'kubwerera okha.

Anandiumbira chikhakha chogonamo, chotsatira msana wanga kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno, ngati kabwato. Ndinkagona m'menemo usana ndi usiku. Kukhala tsonga kunali koletsedwa. Kudya, kusamba ndi kudzithandiza, zonse zinkachitika ndili chagada. M'mawa ankandibaya jakisoni m'ntchafu, ndipo anatero kwa miyezi itatu. Panalinso mankhwala owawa akumwa katatu patsiku, ndi supuni ya mafuta a nsomba. Dzuwa likakwera ankakankhira mabedi athu pakhonde, madzulo n'kutibwezera mkati. Kawiri patsiku anamwino awiri ankanditembenuza n'kundipaka mankhwala kuti ndisachite zilonda.

Amayi anakhala mwezi umodzi, akuphika kumsasa wa odikirira odwala. Mvula itagwa anapita kukabzala. Kuyambira pamenepo ankabwera mwa apo ndi apo, akapeza lole.

Lolemba loyamba la mwezi uliwonse Abiti Kasimu ankabwera ndi tepi ya telala. Ankayika thabwa kumutu, lina kumapazi, n'kuyeza pakati. Miyezi ina panalibe kusintha. Miyezi ina ankati ndawonjezera pang'ono, kosakwana chikhadabo. Ankayezanso kafupa kaja pogoneka waya wofewa pamsana n'kujambula kupindika kwake papepala. Mapepalawo ankawasanja pamodzi n'kuwayang'anira padzuwa. Mizere yanga inkangogonerana.

Pa bedi loyandikana nane panali mtsikana wa ku Nselema, wa zaka zisanu ndi zinayi, wodwala matenda omwewo. Tinkacheza osaonana nkhope, aliyense akuyang'ana kudenga. Iye ankandiphunzitsa Chiyao. Mizere yake sinkagonerana. Mwezi uliwonse mzere watsopano unkatuluka pang'ono kunja kwa wam'mbuyo, ndipo Abiti Kasimu ankangopinda pepala lake.

M'mwezi wachitatu zala za phazi lamanzere zinayamba kugwedezeka ndikafuna. Thukuta linasiya, njala inabwerera. Pafupifupi nthawi yomweyo khutu lamanzere linayamba kulira, ndipo dokotala anati ndi jakisoni, n'kuleka kundibaya. Kulirako kunatha koma khutulo silinamvenso bwino.

Patatha miyezi khumi ndi inayi anandijambulanso. Mafupa awiri aja anali atalumikizana kukhala limodzi. Tsiku loyamba kundikhazika tsonga ndinachita chizungulire n'kusanza. Zinanditengera masabata atatu kuti ndiime, ndi ena asanu kuti ndiyende kutalika kwa khonde nditagwira mitengo iwiri. Pa nthawi yonse yogonayo ndinali nditatalika inchi imodzi ndi theka.

Ananditulutsa nditavala chikhakha china chonga malaya, choti ndikhale nacho miyezi isanu ndi umodzi. Mtsikana wa ku Nselema ndinamusiya pa bedi lake. Sindinamvenso za iye. Nditapita kukachotsa chikhakhacho anandiyezanso, ndipo ndinali nditawonjezera theka la inchi. Chaka chotsatira panalibe kusintha. Abiti Kasimu anati basi, msinkhu wanga ndi umenewo, ndipo msana sudzapindikanso chifukwa cha kutalika.

Ndine wamfupi kuposa ang'ono anga onse awiri. Ndili ndi kalinunda kakang'ono kamene nsalu imabisa. Sindisenza katundu wolemera pamutu, ndipo wolankhula nane amayenera kukhala kudzanja lamanja. Kupatula apo ndinalima, ndinakwatiwa, ndinabereka ana asanu popanda vuto, ndipo mpaka lero ndimayenda ndekha kupita kutchalitchi popanda ndodo.

Dokotala ananena kuti tikadafika mu Meyi, mafupa sakadagwerana. Choncho mwana akamadandaula msana pamalo amodzi kwa masabata angapo, akuwonda, musanene kuti ndi kukula. Pitani naye miyendo isanaleme. Ndipo akakakufunsani ngati anatha msinkhu, pemphani kuti amuna atuluke ngati mukufuna, koma yankhani zoona. Ine ndinatsala masiku atatu okha kuti ndikwere lole yobwerera kumudzi osalandira chithandizo.