Nsagwada za Barnabé

Barnabé Quesnel ankadyera pakamwa pake. M'tauni yathu, kumtunda kwa mzinda wa Rouen, panalibe wosamudziwa: wamfupi, mimba kutsogolo, fungo la anyezi ndi vinyo wotchipa. Kuyambira ali mwana ankachita zisudzo pa nsanja ya matabwa pamsika. Anayamba ngati wantchito wopusa womenyedwa ndodo kuti anthu aseke, ndipo atakula ankakhala dokotala wabodza, mwamuna wansanje, nkhalamba youmira.

Tsono lamulo la mpingo tonse tinkalidziwa. Wa zisudzo saikidwa m'manda a patchalitchi pokhapokha atanena yekha, pamaso pa wansembe, kuti ntchitoyo waisiya mpaka kalekale. A zisudzo onse ankadikira tsiku lawo lomaliza n'kunena mawuwo mpweya ukutha. Mkazi wa Barnabé, Guillemette, yemwenso anali wa zisudzo, anatero, ndipo anaikidwa bwinobwino kuseri kwa tchalitchi. Barnabé panalibenso china ankafuna pa dziko lino koma kukagona pambali pake.

"Timawu take n'tochepa," ankauza mwana wake wamkazi, Fanchon. "Ndidzatinena ngakhale nditaledzera."

Kenako kunabwera a Onésime. Sanali wansembe ayi, koma ankavala zakuda, maso ali kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Anakhazikika m'nyumba ya a Hébert ogulitsa nsalu, munthu wabwino koma wopusa kwabasi. M'mawa uliwonse m'chipinda cha a Onésime munkamveka mkwapulo, phwa! phwa! ndi kubuula, ati akudzilanga chifukwa cha machimo athu. A Hébert ankangogwetsa misozi pakhomo. Koma Fanchon, yemwe ankachapa zovala m'nyumbamo, tsiku lina anasuzumira. Woyera uja ankakwapula pilo, dzanja linalo lili ndi ntchafu ya bakha!

Anakauza bambo ake, ndiye kulakwa kwakeko. Tsiku la msika Barnabé anakwera pansanja atavala zakuda, pilo kukhwapa. Dzina sanatchule. Ankangokwapula, kubuula, kuluma nyama, kubuulanso. Anthu anaseka mpaka ena kugwera m'madengu a kabichi. Iye n'kumawonjezera, kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sewero lisanathe anatulukira a Hébert ndi antchito awo, aliyense ndi ndodo yoyezera nsalu.

"Ukunyoza munthu wa Mulungu, galu iwe!" anakuwa a Hébert.

"Ine ndikumenya pilo, bwana," anayankha Barnabé. "Kodi ndi m'bale wanu?"

Anamukoka mwendo, iye khu! pamiyala. Ndodo m'nthiti, ndodo kumsana, ndodo m'mutu. Oseka aja onse kumangoyang'ana kabichi wawo. Amantha! A Hébert, munthu woti nkhuku yomwe sanapheko, anamuponda kukamwa ndi chidendene, n'kumupondanso, akulira, akutchula dzina la Yesu. Nsagwada zinathyoka, mano n'kumwazika pamiyala.

Fanchon anamutengera kunyumba pa wilibala, n'kuthamangira kwa wansembe. Wansembeyo anabwera mawa lake masana, nkhalamba yofatsa, botolo la mafuta oyera m'manja. Kumbuyo kwake kunali a Onésime, ati adzakhululukire wowanyoza.

"Barnabé, mwana wanga," anatero wansembe, "kodi ukusiya zisudzo? Nena."

Anayesa. Lilime linali litatupa kudzaza kamwa, chibwano chili lendelende. Kunangotuluka magazi ndi kamkokomo. Mantha anamugwira, mantha enieni, oposa a ndodo zija. Anagwedeza mutu mwamphamvu, ululu wonsewo.

"Akuvomera, Bambo mfumu!" anatero Fanchon. "Simukuona kodi?"

Wansembe anatsegula botolo. Apo a Onésime anatsokomola pang'ono.

"Pepani Bambo, ine ndine nyongolotsi chabe. Koma munthuyu moyo wake wonse wakhala akunamiza anthu ndi nkhope. Dzulo ankalira pamsika, misozi yeniyeni. Mukudziwa bwanji kuti lero sakusewera? Mpingo umafuna mawu. Nanga a bishopu akadzamva?"

Wansembe anayang'ana botolo, anayang'ana pansi, n'kulitseka.

"Mfiti inu!" Fanchon anawalumphira a Onésime, zikhadabo m'tsaya mpaka magazi chuu. Iwo sanabwezere ayi. Anatseka maso n'kumupatsa tsaya linalo, wansembe akuona, mpaka nkhalambayo inapukuta msozi.

Barnabé anagwira mkanjo wa wansembe. Munthu woti ankatha kulankhula tsiku lonse osameza malovu! Anakoka mpweya, anakankha mawu ndi chifuwa chonse, nthiti zothyokazo zikumubaya. Thovu lofiira lokha ndi limene linatuluka.

"Ndibweranso mawa," anatero wansembe, akumasula zala zake chimodzichimodzi. "Mwina adzalankhula."

Barnabé ankadziwa kuti mawa kulibe. Anawaona akutuluka, a Onésime akugwirizitsa nkhalambayo mkono kuti isapunthwe pakhomo. Anayesabe, ali ndi Fanchon yekha, mpaka dzuwa kupendeka. Mwanayo ankamunenera mawuwo pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa khanda, iye n'kumangogwedeza mutu.

Anamwalira usiku womwewo. Tinamuika kunja kwa mpanda wa manda a patchalitchi, kumene amakwirira akavalo ndi anthu onyongedwa. Guillemette ali yekha mpaka lero.